NDALAMA ZIKAPEREWERA PA ZENERA LA BANKI

Lolemba m'mawa mizere imatalika m'mabanki a pa Mangochi Boma. Ambiri mwa oima pamzerewo ndi anthu a kunyanja: eni zilimila a ku Msaka ndi Malembo, amayi oyanika usipa ku Makawa ndi Namiasi, ndiponso ogula kambuzi m'madooko a nyanja ya Malombe. Ndalama zao amabwera nazo m'zikwama, m'majumbo, ena m'chitenje chomanga m'chiuno, ndipo aliyense amakhala ataziwerenga kunyumba usiku, mwina kawiri kapena katatu. Tsono mtima umadumpha pamene kalaliki wa pa zenera akweza maso nkunena kuti ndalamazo sizinakwane.

Chitsanzo chake ndi ichi. Mayi wina wagulitsa usipa wake kwa amalonda ochokera ku Limbe ndipo walemba pa kapepala koikira ndalama kuti wabweretsa K800,000, ndiye kuti mapepala 100 a K5,000, mapepala 100 a K2,000 ndi mapepala 100 a K1,000. Makina owerengera alira, aima, ndipo kalaliki akuti, "Pepani mayi, ndapeza K790,000. Pa mtolo wa ma K5,000 paperewera awiri." Mayiyo akuyankha kuti, "Iyayi achimwene, ndawerenga ndekha ndi manja angawa." Kumbuyo anthu ayamba kung'ung'udza chifukwa mzere waima. Kwa munthu wa malipiro a pamwezi K10,000 ingaoneke yochepa, koma kwa mayiyu ndi gawo la fizi ya mwana wake wa Fomu 3.

Kale mkangano wotere sunali wovuta kuuthetsa pakuti mapepala owerenga anali ochepa. Pamene ndalama ya kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1971, chaka chomwe dzina la Fort Johnston linasinthidwa kukhala Mangochi, pepala lalikulu linali la K10. Pepala la K2,000 linatuluka mu 2016, la K5,000 mu 2022, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nsomba zomwezo zinayamba kubweretsa mitolo yokulirapo. Mapepala akachuluka, mpata wolakwitsa nawo umakula, kwa mwini ndalama ndi kwa kalaliki yemwe.

Kuonjeza apo, ndalama za kunyanja zili ndi khalidwe lake. Zimadutsa m'manja onyowa, zimagona m'bwato, zimatenga mamba ndi mafuta a nsomba, kotero kuti mapepala awiri amatha kumamatirana nkudutsa m'makina ngati limodzi. Pepala long'ambika kwambiri kalaliki amaliika pambali, ndipo lachinyengo salibweza kapena kuliwerengera, ngakhale mwini wake analilandira mosadziwa pa dooko kutada. Choncho mau akuti "zaperewera" ali ndi matanthauzo angapo, ndipo woika ndalama ayenera kufunsa kuti tanthauzo lake ndi liti asanayambe kutchula za kuba.

Chachikulu pa nkhani yonseyi ndi chakuti mlandu umatha kapena kuonongeka pa zenera pomwepo. Mayi uja asachoke, asalandirenso mtolowo m'manja mwake nkuulowetsa m'chikwama, ndiponso asalole kuti upite kuseri kumene maso ake sakufika. Akangotero, palibenso amene angatsimikize kuti mtolo umene ukukanganidwa ndi womwe uja. Apemphe mwaulemu kuti kalaliki awerengenso ndi manja, pepala limodzilimodzi, mtundu uliwonse paokha, iye akuona. Ngati sakugwirizanabe, apemphe kuti abwere woyang'anira makalaliki kuti awerenge kachitatu. Kuchita zimenezi si mwano, ndipo amene akung'ung'udza kumbuyo si amene adzalipire fizi.

Apa mpamene kapepala kaja kamaonetsa ntchito yake. Anthu ambiri amangolemba chiwerengero chonse m'munsi, mizere ya pamwamba nkuisiya yopanda kanthu, mwina chifukwa kapepalako nkachingerezi pamene iwo anakula ndi Chiyao kapena Chichewa. Komatu mizere imeneyo ndiyo mboni. Wolemba kuti ma K5,000 alipo 100 wasonyeza mtolo weniweni wofunika kuufufuza, pamene wongolemba K800,000 wasiya mkangano wonse pakamwa. Aphunzitsi a masamu angathandize makolo ambiri atatenga phunziro limodzi lokha nkuphunzitsa ana kudzaza kapepalaka, pakuti m'mabanja ambiri a kunyanja mwana wa sukulu ndiye mlembi.

Nanga atawerenga katatu konse nkusiyanabe? Nzeru yabwino ndi kuika ndalama zimene mbali zonse zikuvomereza, kapepala nkukonzedwa, onse awiri nkusaina, chidindo nkudindidwa, kenaka nkulemba dandaulo kwa mkulu wa nthambiyo tsiku lomwelo. M'kalatamo mukhale tsiku, nthawi, nambala ya zenera, nambala ya akaunti ndi mitundu ya mapepala monga analembera poyamba, ndipo mwini wake asunge kalata ina yofanana nayo, yodindidwa ndi banki. Kufulumira nkofunika pa zifukwa ziwiri. Madzulo aliwonse kalaliki amawerenga ndalama zonse za m'kabati mwake nkuzifananiza ndi zimene kompyuta yalemba. Ngati pepala linagwa kapena linasokonekera ndi za munthu wina, ndalama zimapezeka zitapitirira, ndipo dandaulo lolembedwa ndilo limasonyeza mwini wake. Chachiwiri, zithunzi za makamera oyang'ana pa zenera sizisungidwa mpaka kalekale.

Nthawi zina vuto limatulukira munthu atafika kale kwao: kapepala kodindidwa kakuti K800,000 koma uthenga wa pa foni ukunena zochepa. Pamenepo kapepalako ndi umboni wamphamvu, chifukwa chidindo ndi siginecha zimatanthauza kuti banki inavomera kuti yalandira. Wotaya kapepalaka m'basi ya ku Monkey Bay wataya mboni yake. Wotuma mphwake ndi mtolo osawerengera naye limodzi wadziikiranso munthu wachitatu womukayikira, ndipo maubale ena asokonekera pa chifukwa chomwechi.

Banki ikalephera kuyankha, kapena yankho lake likapanda kukhutiritsa, nkhani sithera pomwepo. Lamulo la Financial Services Act la mu 2010 linaika Gavanala wa Reserve Bank of Malawi kukhala woyang'anira mabanki ndi mabungwe ena a zachuma, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a anthu amene ayamba adandaula ku banki yao. Kumenekonso chofunika ndi mapepala omwe aja. Bwalo la majisitireti lilipo, koma ulendo wake ngwautali pa K10,000.

Kalaliki naye ali ndi mbali yake, ndipo achinyamata omaliza sukulu amene amasirira ntchitoyi aidziwe. Ndalama zikaperewera m'kabati mwake madzulo, amalemba lipoti, ndipo kawirikawiri zimadulidwa pa malipiro ake. Zikachitika mobwerezabwereza, ntchito imatha. Nchifukwa chake sangangovomera mau a munthu, ngakhale wa msinkhu wa amayi ake. Izi sizikutanthauza kuti makalaliki onse ndi oyera mtima, koma wochita chinyengo amaopa munthu wodekha wopempha woyang'anira kuposa wofuula.

Pa chitsanzo chija, atawerenganso ndi manja, pepala limodzi la K5,000 linapezeka litamatirira kumbuyo kwa linzake. Linalo silinaoneke. Mayiyo anaika K795,000, mwana wake anamulembera kalata pa benchi la m'bankimo, ndipo woyang'anira anati, "Mayi, tikawerenga za m'kabati madzulo ano tikuimbirani." Mayiyo anapinda kapepala kodindidwa, nkukamanga pa nsonga ya chitenje, nkupita kukakwera minibasi ya ku Makawa.