Chizindikiro cha pa mpeni ndi dzina la amene anaupanga

Tengani mpeni wanu wosendera mbatatesi kapena chikwanje cha kumunda. Yang'anani pachitsulo, pafupi ndi chogwirira. Nthawi zambiri mupezapo zilembo kapena kachithunzi. Chimenecho ndi chizindikiro cha malonda, chimene pa Chipwitikizi amati marca. Chimakuuzani amene anapanga chidacho.

Ambiri a inu mumaudziwa mpeni wopinda wa Okapi. Unayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, m'dziko la Germany. Mu 1988 kampani ina ya ku South Africa inagula dzina la Okapi pamodzi ndi zida zopangira mpeniwo. Onani apa: dzina linagulidwa ndi ndalama, monga timagulira ng'ombe. Chizindikiro ndi chuma, chifukwa ogula amachikhulupirira.

Lamulo limateteza chiyani?

Kuno ku Mozambique zizindikiro zimalembetsedwa ku Instituto da Propriedade Industrial, mwachidule IPI, yomwe likulu lake lili ku Maputo. Lamulo lake ndi Código da Propriedade Industrial la mu 2015.

Choyamba, lamuloli limateteza chizindikiro: dzina, zilembo kapena chithunzi. Mukachilembetsa chimakhala chanu zaka 10, ndipo mungawonjezere zaka zina 10 nthawi iliyonse zikatha.

Chachiwiri, limateteza maonekedwe atsopano a chinthu, omwe amati desenho industrial. Pa mpeni, amenewa angakhale kasemedwe ka chogwirira kapena zokongoletsa zake. Chitetezo ichi ndi cha zaka 5, ndipo chingawonjezedwe mpaka zaka 25.

Koma palibe munthu angalembetse kuthwa kwa mpeni kukhala chizindikiro chake. Mpeni uliwonse uyenera kudula, ndipo uyenera kukhala ndi pogwira. Zimene chida sichingagwire ntchito popanda izo sizikhala chizindikiro cha munthu mmodzi. Choncho wosula wa ku Dómuè ali ndi ufulu wosula mpeni wakuthwa ngati wa ku fakitale. Chimene saloledwa ndi kudindapo dzina la Okapi kapena la Tramontina.

N'chifukwa chiyani izi zikukukhudzani?

Ganizirani wosula amene amasankha chitsulo cholimba ndi kuchisula mosamala. Pa mpeni uliwonse amadindapo kanyenyezi. Ogula pamsika wa Ulónguè azolowera kufunsa mpeni wa kanyenyezi. Kenako wina ayamba kudinda kanyenyezi komweko pa chitsulo chofewa. Inu mugula, mpeniwo ubuntha sabata isanathe. Ndalama zanu zapita, ndipo mbiri ya wosula wabwino uja yaipa. Ngati sanalembetse chizindikiro chake, kudandaula kwake kumavuta, chifukwa lamulo limayang'ana kwambiri amene anayamba kulembetsa.

Kulembetsa kumalipiritsa ndalama, koma si kwa makampani akuluakulu okha. Osula angapange bungwe ndi kulembetsa chizindikiro chimodzi cha onse, chotchedwa marca colectiva. M'chigawo chathu chino muli kale chitsanzo chofanana nacho. Dzina la Cabrito de Tete, nyama ya mbuzi ya kwathu kuno, linalembetsedwa ngati dzina la malonda a dera, loyamba m'dziko muno.

Muchite chiyani?

Ngati ndinu wogula, werengani zilembo za pa mpeni musanalipire. Katundu wachinyengo nthawi zina amasintha chilembo chimodzi chokha m'dzina. Mukapeza wotere, nkhaniyo ndi ya a boma amene amayendera malonda.

Ngati ndinu wosula, sankhani chizindikiro chanuchanu, chosafanana ndi cha wina. Chidindeni pa chida chilichonse chimene mwasula. Kenako pitani ku ofesi ya boma yoona za chuma, SDAE, ku Ulónguè, mukafunse njira yofikira ku IPI.

Kalasi ikakumananso, aliyense abwere atakopera m'kope lake zilembo za pa mpeni, khasu kapena chikwanje cha kunyumba. Mudzawerengere limodzi, muone ngati mungadziwe amene anachipanga.