Kupalasa bwato pa mtsinje wa Yukon: yambani mwafunsa za kuzizira kwa madzi

Kumpoto kwa dziko la Canada kuli mtsinje wa Yukon. Chaka chilichonse pakati pa Juni ndi Ogasiti, magulu a anthu amapalasa mabwato ang'onoang'ono kuchokera mumzinda wa Whitehorse mpaka ku Dawson City, mtunda wa makilomita pafupifupi 715. Akatswiri a mpikisano wa Yukon River Quest amadutsa mtundawu m'masiku awiri kapena atatu. Gulu wamba limatenga pafupifupi masabata awiri, likugona m'matenti pazilumba, kuphika pamoto ndi kumwa madzi otunga m'njira. Ngati mwana wanu amene akuphunzira kunjako wakuuzani kuti akupita ulendo wotere ndi anzake, kapena inuyo mwapemphedwa kuyang'anira zaumoyo wa gululo, mwina mtima wanu uthamangira ku zimbalangondo. Zilikodi, koma choyamba kufunsa ndi madzi.

Mukangochoka ku Whitehorse, mtsinjewu umalowa m'nyanja ya Laberge, yotalika makilomita pafupifupi 50. Nyanjayi imakhala youndana mpaka cha mu Meyi, ndipo ngakhale dzuwa liwale motani mu Julaye, madzi ake amakhalabe ozizira koopsa. Mphepo imadzuka mwadzidzidzi ngati mwera wa kunyanja kwathu, mafunde n'kukula m'kanthawi kochepa. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi a pamwamba m'nyanja ya Malawi amakhala opitirira madigiri 20 chaka chonse, kotero msodzi amene bwato lake lagubuduka amatha kukhala m'madzi nthawi yaitali akudikira thandizo. Ku Laberge nthawi imeneyo palibe. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya wozizira mofanana.

Gordon Giesbrecht, katswiri wa pa yunivesite ya Manitoba amene wafufuza kwa zaka zambiri zomwe kuzizira kumachita m'thupi, anafotokoza nkhaniyi ndi manambala atatu osavuta kusunga: 1, 10, 1. Mphindi yoyamba munthu akagwa m'madzi ozizira, thupi limadzidzimuka, amakoka mpweya mwamphamvu osafuna ndipo amapuma mofulumira. Ngati mutu uli pansi pa madzi pa nthawi imeneyo, amamwa madzi n'kumira, ngakhale akhale katswiri wosambira. Ntchito ya mphindi imeneyi ndi imodzi yokha: kusunga mutu pamwamba mpaka kupuma kukhazikike. Kenako pali mphindi pafupifupi 10 pomwe manja ndi miyendo zimagwirabe ntchito. Apa m'pogwira chingwe, kukwera pabwato logubuduzikalo kapena kusambirira kumtunda ngati kuli pafupi. Zikadutsa, zala zimauma, osatha ngakhale kufumbata chingwe. Ndipo pamatenga pafupifupi ola limodzi kuti munthu akomoke chifukwa cha kuzizira kwa m'kati mwa thupi.

Ola limenelo ndi mwayi wa yekhayo amene wavala jekete yoyandamitsa. Wopanda jekete amamira manja akangofooka, thupi lisanazizire n'komwe. Malamulo a Canada amafuna kuti m'bwato mukhale jekete yokwanira munthu aliyense, chingwe choyandama cha mamita 15, chokapira madzi ndi wezulo. Ife tinganene kuti gulu lanu liwonjezere lamulo lakelake: jekete izikhala pathupi, yomangidwa bwino, nthawi yonse bwato lili pamadzi. Jekete imene mwaikhalira ngati mtsamiro simungaivale mutagwa kale.

Mnzanu akatuluka m'madzi ntchito sinathe. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, ndipo likatsika kupitirira 35 ndiye kuti ngozi yayamba. Amanjenjemera, amalankhula ngati woledzera, amapunthwa, amalephera kutseka zipi, ndipo kawirikawiri amaumirira kuti ali bwinobwino. Musamumvere. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira ndi wosokonezeka, zinthu zaipiraipira. Muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumugoneke pa chinthu chomulekanitsa ndi nthaka, mumufunditse mpaka kumutu, ndipo muyambe kutenthetsa pachifuwa ndi m'khwapa. Musamutikite manja ndi miyendo, musamunyamule mwankhanza chifukwa mtima wozizira suchedwa kusokonezeka. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, mpatseni chakumwa chofunda cha shuga. Mowa ayi: umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pomwe kutentha kukutuluka. Inu amene mumaphunzitsa amayi kuika khanda lobadwa masiku osakwana pachifuwa mukudziwa kale maziko a zonsezi.

Zovala nazo zili m'gulu la mankhwala. Nsalu ya thonje, monga jinzi ndi malaya ambiri amene timavala kuno, ikanyowa imamatirira pakhungu n'kumaba kutentha. Ubweya wa nkhosa ndi nsalu za poliyesita zimafunditsabe zikanyowa ndipo zimauma msanga. Aliyense akhale ndi zovala zouma zapadera m'thumba losalowa madzi, zosakhudzidwa mpaka pamsasa. Machesi musawasunge malo amodzi. Bwato lililonse likhale ndi ake. Khungwa la mtengo wa birch limayaka ngakhale litanyowa, ndipo ndi bwino kuti aliyense ayesere kukoleza moto ndi manja ozizira ulendo usanayambe. Nkhwangwa ndi mpeni zigwiridwe ndi munthu amene sanatope, kukadali kowala bwino, pakuti bala lakuya kumeneko lili kutali ndi singano ya dokotala.

Pokonza masiku, ikanipo awiri kapena atatu opanda ntchito. Gulu limene lili ndi ndege yoti likwere tsiku lakuti ndi limene limalowa m'nyanja mphepo ikuwomba. Gwirizanani mukadali kunyumba kuti ndani ali ndi mawu omaliza pa nkhani yoima kapena kupitirira, kuti mabwato azionana nthawi zonse, komanso kuti pa Laberge muziyenda chakugombe. Wodziwa kupalasa akhale kumbuyo kwa bwato, wophunzira kutsogolo. Kumunsi kwa mudzi wa Carmacks kuli mathithi a Five Finger, pomwe miyala ikuluikulu imagawa mtsinje. Opalasa amadutsa njira yakumanja. Mu Juni dzuwa limakhala kunja maola pafupifupi 19 ku Whitehorse, ndipo mdima weniweni sugwa. Kuwalaku kumanyenga anthu kuti azingopalasabe. Ikani nthawi yogona ndi wotchi.

Madzi akumwa amaoneka oyera, koma angakhale ndi kachilombo kotchedwa giardia, kofala kudzera m'chimbudzi cha anthu ndi nyama. Kamayambitsa kutsekula m'mimba, kutupa mimba ndi kugeya konunkha, ndipo zizindikiro zimayamba patatha sabata imodzi kapena ziwiri, mwina munthu atabwerera kale kunyumba. Klorini yekha sadalirika kwenikweni pa kachilomboka, makamaka m'madzi ozizira kapena amatope. Kuwiritsa madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi kumakapha. Mtsinje wa White ukathira mu Yukon, madzi amasanduka amatope ndipo zosefera zimatsekeka. Tungani m'timitsinje ta m'mbali kapena asiyeni madzi adikhe usiku wonse mumtsuko. Sopo wosambira m'manja ndi mapaketi a Thanzi ORS, kapena ofanana nawo a kumeneko, asasowe.

Tsopano zimbalangondo. Ku Yukon kuli zakuda ndi zikuluzikulu zotchedwa grizzly, ndipo chimene chimazikoka ndi fungo. Phikirani ndi kusunga chakudya, sopo ndi mankhwala otsukira mano pamtunda wa mamita pafupifupi 100 kuchoka pamatenti, m'zotengera zotsekeka bwino. Polowa m'thengo lankhulani mokweza kuti musachidzidzimutse. Mukakumana nacho musathamange. Bwererani pang'onopang'ono, mankhwala opopera a tsabola ali m'manja osati pansi pa chikwama. Udzudzu ndi wochuluka ndipo umaluma mosalekeza, koma wa kumeneko sufalitsa malungo. Chenjerani ndi ichi: amene wangochoka kuno kumudzi n'kuyamba kutentha thupi ali pamtsinje angakhale kuti anapita nawo malungo m'magazi, ndipo ayenera kuuza achipatala kumene wachokera.

Chakudya chonse munyamule nokha, osadalira mbedza. Nsomba za chinook zachepa kwambiri moti mu 2024 Canada ndi boma la Alaska anagwirizana kuimitsa kuzipha mumtsinjewu kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Malo amene mukudutsamo ali ndi eni ake, monga a Ta'an Kwäch'än ku Laberge ndi a Tr'ondëk Hwëch'in ku Dawson City, ndipo misasa yawo ya nsomba si malo oti mlendo angofikapo n'kumanga tenti.

Netiweki ya foni kulibe m'mbali yaikulu ya njirayi. Zipatala zili ku Whitehorse ndi ku Dawson City, ndipo ku Carmacks kuli chipatala chaching'ono. Gulu likhale ndi kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti, ndipo anthu osachepera awiri adziwe kukagwiritsa ntchito. Aliyense aulule kwa woyang'anira zaumoyo ngati ali ndi mphumu, shuga, khunyu, kapena ngati thupi lake limadana ndi mbola za njuchi, komanso ngati amamwa ma ARV kapena mankhwala a BP. Mankhwala otere agawidwe pawiri ndi kuikidwa m'mabwato osiyana. Kholo lotsala kunyumba lipatsidwe pepala lokhala ndi mayina a onse, mtundu wa mabwato, malo ogona, tsiku lofika ku Carmacks ndi ku Dawson City, ndiponso tsiku ndi ola loti liimbire apolisi a RCMP ngati silinamve kanthu.