Ousmane Sembène

Ousmane Sembène (1 Januwale 1923 – 9 Juni 2007) anali mlembi wa mabuku komanso wopanga mafilimu wa ku Senegal. Ambiri amamutchula kuti tate wa mafilimu a mu Africa.

Moyo wake

Sembène anabadwira ku Ziguinchor, m'chigawo cha Casamance. Bambo ake anali msodzi, ndipo iye sukulu sanapite nayo patali. Anagwirako ntchito yomanga nyumba ndi ya umakaniko, kenako analowa usilikali wa France pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Nkhondo itatha anapita ku Marseille, komwe ankatsitsa katundu padoko, ndipo analowa bungwe lomenyera ufulu wa anthu apantchito. Buku lake loyamba, Le Docker noir, linatuluka mu 1956.

Vuto linali lakuti ankalemba m'Chifalansa, pomwe anthu ambiri kwawo sankatha kuwerenga chilankhulochi. N'chifukwa chake ali ndi zaka pafupifupi 40 anapita ku Moscow kukaphunzira kupanga mafilimu. Kwa iye, filimu inali sukulu yamadzulo ya anthu wamba.

Mafilimu ake

Filimu yake ya La Noire de... (1966) ndi nkhani ya Diouana, mtsikana wantchito amene mabwana ake achizungu anapita naye ku France, komwe anakadzipha atatopa ndi kunyozedwa. Mu 1968 anatulutsa Mandabi m'Chiwolofu, chilankhulo cha anthu ambiri ku Senegal. Mufilimuyi, Ibrahima Dieng alandira ndalama yochokera kwa mphwake ku Paris kudzera kupositi ofesi. Kuti aitenge pakufunika chiphaso, ndipo chiphasocho chikufunanso kalata ya kubadwa ndi chithunzi. Dieng azungulira m'maofesi mpaka ndalamayo kudyedwa ndi anthu ena. Nkhaniyi imaseketsa koma imawawa.

Nthawi zambiri Sembène ankatenga anthu wamba oti sanasewerepo m'filimu, n'kumajambula m'misewu ndi m'midzi. Sankadzudzula atsamunda okha. Mu Xala (1975) ananyogodola mabwana achikuda amene analowa m'malo mwa azungu, ndipo Ceddo (1977) inaletsedwa ku Senegal. Boma la Léopold Senghor linati vuto ndi kalembedwe ka dzina la filimuyo, kuti likhale ndi "d" mmodzi, koma Sembène anakana kusintha.

Filimu yake yomaliza, Moolaadé (2004), anaijambulira ku Burkina Faso. Ndi nkhani ya Collé, mayi amene akuteteza atsikana anayi othawa mdulidwe wa akazi. Filimuyi inapambana mphoto ya Un Certain Regard ku Cannes, iye ali ndi zaka 81.