Sabata yachiwiri ya korona, pomwe mapapo amayamba kumira

Pa 12 Januwale 2021 dziko la Malawi lidataya nduna ziwiri tsiku limodzi chifukwa cha korona (Covid-19): a Sidik Mia a zamtengatenga ndi a Lingson Belekanyama a maboma aang'ono. Tsiku lomwelo Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. M'masabata amenewo achibale a odwala ankangozungulira m'tauni kusaka masilinda a okisijeni, bwalo lamasewero la Bingu ku Lilongwe lidasanduka chipatala, ndipo mlembi Onjezani Kenani adayambitsa thumba lomwe anthu wamba ankasonkhamo ndalama zogulira masilinda ndi tizipangizo totulutsira mpweyawo. Anthu ambiri omwe tidawaika m'manda mwezi umenewo adapita chifukwa mapapo awo adaleka kulowetsa mpweya m'magazi. Bungwe la WHO lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma kachilomboka kadakalipo, ndipo mmene kamaphera munthu ndi nkhani yofunika kuidziwa pakhomo paliponse.

Aliyense amene adasendapo mbuzi amawadziwa mapapo: ofewa, opepuka, ukawaponya m'beseni la madzi amayandama. Chowayandamitsa ndi timatumba ta mpweya tosaoneka ndi maso, tomwe mwa munthu wamkulu timapitirira 300 miliyoni. Kathumba kalikonse kali ndi khoma lopyapyala zedi, ndipo kuseri kwa khomalo kwayangayanga timitsempha ta magazi. Tikakoka mpweya, okisijeni amadutsa pakhomapo n'kulowa m'magazi, mpweya woipa n'kutulukira njira yomweyo. Moyo wonse wa munthu umadalira kupyapyala kwa khoma limenelo.

Kachilombo ka korona, komwe kadayamba kudziwika ku Wuhan m'dziko la China mu Disembala 2019, kamalowera m'mphuno ndi pakhosi. Kunja kwake kali ndi timinga tomwe timakakamira pa mapuloteni ena otchedwa ACE2, amene ali pa maselo a njira ya mpweya, ndipo kakalowa m'selo kamaswana. Mwa anthu ambiri nkhondo imathera konko: chimfine, chifuwa, kutentha thupi, kusamva fungo, basi. Kafukufuku woyambirira wa ku China adapeza kuti mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 81 ankadwala pang'ono, 14 ankadwala kwambiri ndipo 5 ankafika pa kayakaya.

Vuto limayamba kachilomboka kakatsikira ku timatumba tija. Kumeneko kamawononga maselo omwe amapanga timadzi toterera tothandiza kuti kathumba kasafwaphe munthu akatulutsa mpweya. Chitetezo cha m'thupi chimathamangirako, ndipo mwa anthu ena chimamenya nkhondo mopyola muyeso. Timitsempha timayamba kuchucha, khoma lija limatupa, m'timatumba mumadzaza madzi ndi maselo akufa. Ichi ndi chibayo, ndipo cha korona chimakonda kugwira mapapo onse awiri nthawi imodzi. Magazi nawo amayamba kuundana m'timitsempha ta m'mapapo, kotero kuti ngakhale mbali yomwe mpweya ukufika bwino, magazi oti autenge sakudutsako. Mapapo otere amalemera ndi kuuma, ndipo wodwala amachita kulimbana ndi mpweya uliwonse ngati akukwera phiri, pomwe ali chigonere pabedi.

Zonsezi sizichitika tsiku loyamba. Kawirikawiri munthu amayamba kubanika pakapita sabata imodzi chiyambireni kudwala, nthawi yomwe malungo atsika ndipo a pabanja ayamba kuuza anansi kuti “akupezako bwino.” Apa ndi pomwe mabanja ambiri adapusitsikira, ndipo sindingawadzudzule, chifukwa matenda omwe tidawazolowera sachita chonchi.

Choopsa china n'chakuti okisijeni amatha kutsika m'magazi mwini wake osamva phuma. Thupi lathu limatiuza kuti tikubanika makamaka mpweya woipa ukachuluka m'magazi. Poyambirira pa chibayo cha korona mpweya woipawo umakhala ukutulukabe, ndiye thupi silichenjeza. Madokotala m'mayiko ambiri adaona odwala akulowa okha m'chipatala, akuyankha foni, koma atawayeza n'kupeza kuti okisijeni watsika kufika poti munthu akadayenera kukhala atakomoka.

Chowayezera chake ndi kachipangizo kakang'ono kopanira kuchala, kotchedwa pulse oximeter. Kamawalitsa kuwala kofiira kudutsa m'chikhadabo, ndipo pakapita masekondi ochepa kamaonetsa manambala awiri, ya okisijeni ndi ya kugunda kwa mtima. Mwa munthu wabwinobwino nambala ya okisijeni imakhala pakati pa 95 ndi 100. Ikayamba kutsika kuchoka pamenepo ndi bwino kukaonana ndi achipatala, ndipo ikafika pansi pa 90 palibe zodikira kuti kuche. Chala chikhale chofunda, chopanda utoto wa m'zikhadabo, dzanja lili phee. Pali chenjezo limodzi lomwe likutikhudza ife eni khungu lakuda: mu Disembala 2020 akatswiri a ku yunivesite ya Michigan ku America adapeza kuti kachipangizoka kamaphonya kutsika kwa okisijeni mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Choncho nambala ikaoneka yabwino koma wodwala akupuma mothamanga, diso la womudwazika likhulupiriridwe.

Pakhomo pomwe palibe kachipangizoka, wotchi ya pafoni imagwira ntchito. Muwerenge kuti chifuwa cha wodwala chikukwera kangati pa mphindi imodzi ali chikhalire. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20. Akapitirira ka 30, kapena akulephera kumaliza chiganizo osaima kuti akoke mpweya, kapena akubwebweta, akuwodzera mosadzutsika, milomo ndi lilime zikuchita kuda mwachilendo, ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo.

Ambirife tikukumbukira fungo la masamba a bulugamu m'nyumba zathu chaka cha 2021 chija, anthu atafunda bulangete pamwamba pa poto wowira, kenako tiyi wa jinja ndi mandimu. Nthunzi imatsegula mphuno ndipo munthu amamvako bwino, palibe wotsutsa. Koma siyifika ku timatumba tija, siyipha kachilomboka, ndipo siyiwonjezera okisijeni ngakhale pang'ono. Chomwe chimandiwawa n'chakuti kufukizako kudachedwetsa anthu ena masiku awiri kapena atatu omwe akadawapulumutsa. Mphekesera zoti kuchipatala akubaya anthu jakisoni wakupha zidaonjezera moto, odwala n'kumafika mapapo atatheratu, akamwalira mphekeserayo n'kumakula.

Kuchipatala mankhwala oyamba ndi okisijeni yemweyo. Mpweya womwe tonse timapuma uli ndi okisijeni magawo 21 pa 100 alionse, ndipo mapapo odwala amafuna wochuluka kuposa pamenepo kuti wokwanira adutse pakhoma lotupalo. Anamwino amamugonekanso wodwala chafufumimba kwa maola angapo, chifukwa mbali yaikulu ya mapapo ili kumsana, ndipo munthu akagona chagada mtima ndi madzi aja zimaipsinja. Mu Juni 2020 kafukufuku wa RECOVERY wa ku yunivesite ya Oxford adasonyeza kuti dexamethasone, mankhwala akale otsika mtengo ochepetsa kutupa, amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala opumira makina, ndi limodzi mwa magawo asanu pakati pa omwe ali pa okisijeni. Kwa wodwala yemwe sakufunika okisijeni mankhwalawa sadathandize konse, ndiye kukawagula kufamase n'kumamwa pakhomo ndi kudziika pa chiswe. Katemera, yemwe adafika m'dziko muno mu Malichi 2021, phindu lake lalikulu lili pompa: amachepetsa kwambiri mpata woti matendawa afike pa chibayo choopsa.

Otuluka m'chipatala ambiri mapapo awo amachira pang'onopang'ono m'miyezi ingapo. Ena, makamaka omwe adagona nthawi yaitali pa makina, amatsala ndi zipsera zomwe zimaumitsa mapapo. Palinso omwe adangodwala pang'ono koma miyezi itatu ikupita akadali wefuwefu akakwera kachitunda kochokera kumsika, pomwe X-ray siyikuonetsa kanthu. Anthu otere sakunamizira ulesi, ndipo bwana kapena mwamuna yemwe akuwanena choncho akuwalakwira. Amachira bwino akamawonjezera mtunda woyenda pang'onopang'ono, osadzikakamiza kufika pogwa.

Kuno kwathu korona amapeza mapapo ambiri atatopa kale. Amayi akhala zaka akupuma utsi wa nkhuni ndi makala m'khitchini zopanda zenera, madala omwe adagwira ntchito m'migodi ya ku Joni adabwerako ndi fumbi m'chifuwa, ndipo amene adadwalapo TB amakhala ndi zipsera zakale. Awa, pamodzi ndi okalamba ndi odwala shuga kapena BP, ndiwo oyenera kuwayang'anitsitsa sabata yachiwiri ija. Ndipo chifuwa chikapitirira masabata awiri, makamaka ngati munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, tisangoti ndi zotsalira za korona. Akapereke makhololo akayezedwe TB, zomwe m'zipatala za boma zimachitika mwaulere.