Atapuma pantchito, nyumba yawo ili pa mateyala

Kuno ku De Doorns tili ndi makolo awiri amene anthu amangowatchula kuti "a kombi". Bambowo ankayendetsa thirakitala, mayiwo ankalongedza mphesa. Atapuma pantchito anagula kombi yakale, n'kuikamo matiresi, chitofu cha gasi ndi chigubu cha madzi. Basi, nyumba yakwana.

Mu July amalowera ku Ceres kukagona m'munsi mwa Matroosberg, phiri lalitali mamita 2,249, lomwe limayera mbee ndi sinowo. Zaka zonsezi ankaliona ali m'munda, akudulira mpesa zala zitauma ndi chisanu. Lero amalionera pafupi, tiyi ali m'manja.

Madzulo akakhala pansi, macheza amabwerera ku 2012, pamene tinatseka msewu wa N1 pokana malipiro a R69 patsiku. Mu March 2013 boma linakweza kufika R105. Iwo amati ndalama yowonjezerayo ndi imene anayambira chipereganyu, chomwe chinadzabala kombiyo.

Abale, nkhani yagona apa. Ndalama ya okalamba ya SASSA imayamba munthu akakwanitsa zaka 60, koma amalandira ndi nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika ndiponso othawa kwawo ovomerezeka. Ambirife mulibemo. Msana ukadzakana, mwini famu adzangolemba wina.

Sitikuti tonse tigule makombi ayi. Wina mtima uli pa malata kumudzi ku Mangochi. Koma kaya ndi kombi kaya malata, tizisunga mapepala a malipiro ndi kupatula kangachepe mwezi uliwonse, mphamvu zikadalipo.