Kodi mumadziwa? Katswiri wa njinga zamoto wochokera ku Bulawayo

Kodi mumadziwa kuti msewu waukulu umene anthu a ku Mkoba, mumzinda wa Gweru, amadutsa popita ku Bulawayo umakafika kwawo kwa mmodzi mwa akatswiri otchuka pa mipikisano ya njinga zamoto? Katswiriyu ndi Jim Redman, amene anabadwira ku London mu 1931, koma anasamukira ku Bulawayo mu 1952.

Pa njinga za Honda, iye anakhala katswiri wa dziko lonse kasanu ndi kamodzi: kanayi motsatizana m'gulu la 350cc, kuyambira 1962 mpaka 1965, ndiponso kawiri m'gulu la 250cc. Mu June 1964, patatsala masiku owerengeka kuti Malawi alandire ufulu, anapambana mipikisano itatu tsiku limodzi ku Assen, m'dziko la Netherlands. Tangoganizani kutopa kwake!

Amene anamusowetsa tulo anali Phil Read wa Yamaha, yemwe anamulanda ukatswiri wa 250cc chaka chomwecho. Mu 1966 Redman anagwa mvula ikugwa pa mpikisano wa ku Belgium n'kuthyoka mkono, ndipo posakhalitsa anasiya kupikisana atapambana mipikisano 45 ya Grand Prix.