KUJAMBULA BERE NDI MANKHWALA OŴALITSA: NJIRA INA YOPEZERA KHANSA

Khansa ya m'maŵere ndi imodzi mwa nthenda zimene zikutenga miyoyo ya amayi ambiri. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linaŵerengera kuti m'chaka cha 2022 amayi 2.3 miliyoni anapezeka ndi nthendayi, ndipo okwana 670,000 anamwalira nayo. Kuno ku Malaŵi vuto lalikulu ndi lakuti amayi ambiri amafika ku chipatala nthenda itakula kale. Mwezi uno tifotokoza njira ina imene madokotala amaonera khansayi ikadali yaing'ono, ndiponso chimene mayi wa kwa Dzoole ayenera kuchita.

Kujambula bere

Kujambula bere ndi X-ray kumatchedwa mammography. Bere limaikidwa pakati pa timatabwa tiŵiri ta makina ndi kupanikizidwa kwa kanthaŵi kochepa. Pachithunzi mafuta a m'bere amaoneka akuda, pamene chotupa chimaoneka choyera. Koma amayi ena, makamaka ocheperapo msinkhu, ali ndi maŵere a mnofu wothinana, ndipo mnofu wotero nawonso umaoneka woyera. Pamenepo dokotala amakhala ngati munthu wofunafuna njere ya mpunga m'lichero lodzaza ufa woyera.

Mmene mankhwala amathandizira

Mlimi wa dimba amakumba ngalande kuti madzi a mumtsinje afike ku mbewu zake. Khansa nayonso imatero. Kuti ikule, imachititsa thupi kumeretsa timitsempha tatsopano toibweretsera magazi, ndipo timitsempha timeneti timachucha. Apa ndi pamene madokotala amaigwirira.

M'njira yotchedwa contrast-enhanced mammography, namwino amabaya mankhwala amadzi mumtsempha wa pamkono. Mankhwalaŵa ali ndi ayodini, amene dzina lake timalidziŵa pa mchere wogula m'sitolo. Pakapita mphindi ziŵiri, magazi amakhala atafikitsa mankhwalawo ku bere, ndipo amaunjikana pamene pali timitsempha tochucha tija. Tsono makina amajambula zithunzi ziŵiri, china ndi cheza chofooka, china ndi cheza champhamvu. Kompyuta imachotsa mnofu wamba pachithunzi, ndipo malo amene amwa ayodini amatsala oŵala. Njirayi inavomerezedwa ku America m'chaka cha 2011. Imathandiza pamene chithunzi choyamba sichinaonetse bwino, ndiponso poyeza kukula kwa khansa dokotala asanachite opaleshoni.

Pobayidwa, munthu amamva kufunda m'thupi ndi kakomedwe konga ka chitsulo m'kamwa, koma izi zimatha msanga. Oŵerengeka amatuluka ziŵengo kapena kubanika. Chifukwa chake mayi woyembekezera, wodwala impso, kapena amene mankhwala otere anamuipirapo kale, ayenera kuuza dokotala asanabayidwe.

Dziŵani kuti si malo onse oŵala amene ali khansa. Chitsimikizo chenicheni chimapezeka pamene dokotala atapa kamnofu ka chotupacho ndi singano, n'kukatumiza kwa akatswiri okaunika. Ntchito youunika mnofu wotere imachitika pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene malo ake anatsegulidwa m'chaka cha 2011.

Ulendo umayambira kunyumba

Makina amene tafotokozaŵa ndi okwera mtengo, ndipo sapezeka m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Komanso ngakhale kumene alipo, amajambula mayi yekhayo amene wadzipereka. Kotero chida choyamba ndi maso ndi manja anu. Kamodzi pamwezi, masiku angapo mutatha kusamba kwa kumwezi, yang'anani maŵere anu onse aŵiri, kenaka muŵasisite ndi zala zitatu mozungulira mpaka m'khwapa. Amene munasiya kusamba sankhani tsiku limodzi losaiŵalika pamwezi. Pitani ku chipatala mukaona chimodzi mwa izi:

1. Chotupa m'bere kapena m'khwapa, ngakhale chisakuŵaŵa.
2. Nsonga ya bere kuloŵa m'kati kapena kutulutsa magazi.
3. Khungu la bere kuchita timaenje ngati khungu la lalanje.
4. Chilonda chosapola pabere, kapena bere limodzi kusintha kukula.

Zotupa zambiri za m'bere si khansa, koma palibe angadziŵe popanda kupimidwa. Khansa yongoyamba kumene kaŵirikaŵiri siŵaŵa, ndipo ichi ndicho chimanyenga ambiri kuti adikire.

Yambani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, monga cha Dzoole kapena cha Mponela. Akakupimani, angakutumizeni ku chipatala cha boma cha Dowa kapena cha Ntchisi, ndipo ngati kuli kofunika, ku Kamuzu Central Hospital. Tengani buku lanu la ku chipatala ndi kalata yokutumizani, ndipo funsani tsiku lokamva zotsatira. Bungwe la WHO linalangiza kuti kupima konse kuzitha m'masiku 60 kuchokera tsiku limene mayi wafika koyamba ku chipatala. Masiku akamapita osamva kanthu, bwererani mukafunse.

Mau kwa abambo ndi ankhoswe

Khansa ya m'maŵere sibwera chifukwa cha ufiti, ndipo sipatsirana. Kutema mphini pachotupa kumangotayitsa nthaŵi imene ikanapulumutsa moyo. Mayi akakuuzani za chotupa, musayembekeze kuti muyambe mwagulitsa fodya kapena mtedza. Pezani ndalama ya ulendo ndipo mumperekeze. Abambo nawonso, ngakhale ndi oŵerengeka, amadwala nthendayi.

Akuluakulu anati mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Anamwino amapima maŵere masiku onse, ndipo amasunga chinsinsi. Khansa yopezeka msanga imachizika, ndipo mayi amabwerera kwawo kukalera ana ake.